Kalata Yomwe Inatseka Mami Pakamwa

Mwamuna wanga Heriberto anakhala miyezi khumi ndi umodzi ku Kuwait, akugona pansi pa magalimoto ankhondo m'chipululu, ndipo sanadandaulepo ngakhale tsiku limodzi. Koma mungomutuma kuti akauze mayi anga nkhani yoipa, mudzamuona akufunafuna sipanala yomwe ili m'manja mwake momwemo.

Ndi sajeni wa Guardia Nacional, asilikali aja amene amavala yunifolomu Loweruka ndi Lamlungu limodzi pamwezi, masiku ena onse n'kumakhala anthu wamba, mpaka tsiku lomwe boma lawakumbukira. Masiku ena onsewo Heriberto anali makaniko, ndi galaja yakeyake panjira yotsika kuchokera kwathu ku Ciales kupita ku Manatí. Makina okwezera galimoto anagula pangongole ya kubanki, zida zina pa khadi ya ngongole, ndipo denga anakhoma ndi madola zikwi zitatu zomwe mayi anga, Doña Provi, anatulutsa m'chitini cha mabisiketi. Panalibe kusainirana pepala. Mami anangoti, "Udzabweza galaja ikayamba kuyenda, mwana wanga."

Galajayo inali itangoyamba kuyenda pomwe kalata yomuitana ku usilikali inafika. Lamulo lilipo loti msilikali akaitanidwa, chiwongoladzanja cha ngongole zake zakale chitsike, ndipo banki isamulande kanthu popanda khoti. Linatithandiza, sindikana. Koma palibe lamulo lokakamiza magalimoto a anthu kuti adikire makaniko wawo chaka chathunthu asanawonongeke. Pobwera anapeza makasitomala ake onse atazolowera kwina, ndipo msuweni wake yemwe anamusiyira makiyi anali atasamukira ku Orlando. Atangovula yunifolomu, foni inayamba kulira, ndipo oimbawo sanali ofunsa za moyo.

Anatseka galaja n'kukalowa ntchito pafakitale ya mankhwala ku Manatí. Ine ndine namwino. Malipiro athu awiri ankalowa m'nyumba Lachisanu, Lolemba n'kupezeka atatuluka kale, osatsanzika. Titatopa, tinapita kwa loya, mayi Arzuaga, munthu wamfupi wolankhula ngati akudula anyezi.

"Sajeni, mumvetsere bwino," anatero. "Munthu wamba akapempha quiebra, kuti khoti limufufutire ngongole zake zonse, amayamba amuyeza malipiro. Inuyo ndi akazi anuwa, mukaphatikiza, simungadutse pa sikelo imeneyo. Angakuuzeni kuti muzilipira pang'onopang'ono zaka zisanu. Koma poti munakatumikira masiku oposa 90, lamulo likuti inu musayezedwe. Chitseko chimenecho chimakhala chotsekula masiku 540 chibwerereni chanu, kenako chimatsekeka. Mwatsala ndi angati?"

"130," anayankha Heriberto, osayang'ana n'komwe kalendala. Kuwerenga masiku ndi matenda a asilikali onse.

"Ndiye lembani apa aliyense amene muli naye ngongole. Aliyense."

Analemba khumi, ndi zilembo zoima njo ngati zili pa pelete. Ine ndinati, "Khumi ndi mmodzi." Anandiponda phazi pansi pa tebulo, ine n'kumubwezera.

"Wotsalayo ndani?" anafunsa loya.

"Apongozi anga," anatero Heriberto. "Koma amenewo musawalembe. Ndiwabwezera kaye mwakachetechete, kenako tibwera."

"Mukawabwezera lero, khoti lidzapita kukawalanda ndalamazo kuti ligawire onse. Mukawabisa, ndiye kuti mwanama mutalumbira. Sankhani chomwe chikukukomerani."

"Nanga akalembedwa?"

"Alandira kalata ya khoti ngati ena onsewo. Nkhani ikadzatha, mukadzafuna kuwabwezera mwa kufuna kwanu, palibe adzakuletseni. Koma ndikutsineni khutu, sajeni. Kawauzeni nokha kalatayo isanafike."

Apa ndiyenera kunena chifukwa chomwe nkhope ya mwamuna wanga inagwera. Mayi ake anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anakulira kwa amalume ake ku Bayamón, m'nyumba momwe ankamuwerengera nyemba za m'mbale. Tsiku loyamba lomwe ndinapita naye kwathu, Mami anamuyang'ana, nati, "Mwanayu sadya," ndipo kuyambira pomwepo ine ndinakhala ngati mlendo m'nyumba yomwe ndinabadwira. Lamlungu lililonse, tikamalowa pakhomo, iye ndi amene amayamba kunena kuti, "Dalitso, Mami," Mami n'kumugwira tsaya, "Mulungu akudalitse, mwana wanga." Ngakhale ali ku Kuwait ankaima pamzere wa foni ola lathunthu chifukwa cha mawu amenewo. Choncho chimene ankaopa sichinali manyazi a ndalama. Ankaopa kutaya mayi kachiwiri, ndipo ine, ngakhale ndinkamukalipira, ndinkamumvera chisoni kwambiri.

"Ndiwauza Lamlungu," anandilonjeza m'galimoto.

Lamlungu linafika. Analandira dalitso lake, anadya mbale ziwiri za mpunga wa nandolo ndi nkhumba yowotcha, anakonza fani ya pabalaza, tinabwerera. Lamlungu linalo anakonza loko. Linalo anadulira mtengo wa mapeyala. Nyumba ya Mami sinakonzekepo choncho chiimikireni. Ine ndinkang'amba masiku pakalendala ya kukhitchini, ndikumuuza kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, iye n'kumangoti, "Lamlungu lino ndiye lenileni, Nereida."

Atatsala masiku asanu ndi anayi, ndinamuikira makiyi a galimoto pambali pa kapu ya khofi. "Lero ukasaina, apo ayi zaka zisanuzo ukalipira uli wekha." Anakasaina Lachiwiri, atalumbira kuti Lamlungu lomwelo akagwada pamaso pa Mami. Kalata ya khoti inafika kwa Mami Lachisanu.

Makalata a khoti limenelo amabwera m'Chingelezi, osati m'Chisipanishi chathu, ndipo Mami Chingelezi chawo chimathera pa moni. Anavala nsapato n'kupita nayo kufamase kwa Migdalia, yemwe anakhalako ku New York zaka khumi ndipo sanaphunzirepo kulankhula motsitsa. Migdalia anaimasulira yonse, ndi dzina la Heriberto lomwe, pamaso pa mzere wa anthu odikira mankhwala. Dzuwa lisanafike pamutu nkhani inali m'kamwam'kamwa tauni yonse.

Lamlungu tinapeza chitseko chili chotsekula, fungo la adyo likutuluka monga mwa masiku onse. Heriberto anavula chipewa.

"Dalitso, Mami."

Mami anapukuta manja pa epuloni, maso ali pa ine. "Nereida, Mulungu akudalitse. Ndipo uwauze bambo uli nawowa kuti boma la America landiletsa kulankhula nawo. Kalata ndi iyo pafiliji."

"Mami," ndinatero, "kalatayo ikungoletsa kulonjerera ngongole basi."

"Migdalia wandiwerengera kawiri. Osamuimbira foni, osamulembera, osamuvutitsa mwanjira ina iliyonse, wophwanya adzalipira chindapusa. Ine chibadwire sindinalakwirepo boma. Sindingayambe ndi zaka 71."

"Koma dalitso si ngongole, Mami."

"Iwe ndiwe loya? Ndimayesa ndiwe namwino."

Mayi angawa anagulitsa nsalu zaka makumi atatu ndipo palibe anawapusitsapo ndi senti imodzi. Tanthauzo la kalatayo ankalidziwa bwino lomwe. Kungoti khoti linali litawapatsa ndodo, ndipo sakanaitaya asanaigwiritse ntchito.

Chakudya sanamumane. Anadzaza mbale mpaka kusefukira, n'kuiika pakati pa tebulo, nati, "Iyi ndi ya aliyense amene angaifune." Heriberto anadya atazolika, ngati akumeza miyala. Zimene sankafuna kudutsira mwa ine, Mami ankadutsira mwa galu wawo Tuto, yemwe anali wogontha khutu limodzi. "Tuto, ukakumana ndi munthu wodziwa mipope, umuuze kuti wa kubafa ukudontha." Heriberto ankadzuka n'kukakonza mpope. Akamaliza, Mami ankathokoza galuyo.

Sabata yachiwiri anabwera ndi kalata ya mayi Arzuaga, ya m'Chisipanishi chomveka bwino, yofotokoza kuti palibe lamulo loletsa apongozi kupatsa moni mkamwini. Mami anaiwerenga mpaka pansi, naipinda bwinobwino. "Nereida, uyu ndi loya wa bambowa. Amudyetsa iwo. Ine ndimvera khoti."

Sabata yachitatu ndinalakwitsa ndine, ndipo ndivomera. Ndinaganiza kuti akaona kuti sali okha, mtima ukhala m'malo. Ndinapita ndekha pakati pa sabata ndi mndandanda wonse wa anthu khumi ndi mmodzi aja. "Taonani, Mami. Sanasankhe inu. Lamulo likuti onse alembedwe, ndi banki yomwe."

Anavala magalasi. Chala chawo chinatsika pang'onopang'ono mpaka chinaima.

"Nambala seveni," anatero.

"Ndi dongosolo la zilembo chabe, Mami."

"Pamwamba panga sitolo ya matayala. Pansi panga kampani ya khadi. Ine, amene ndinkamutumizira khofi wa kuno m'chipululu muja mwezi ndi mwezi, andikhazika pakati pa tayala ndi pulasitiki."

"Munthuyo mukumupha, Mami. Lamba wake waboola kale bowo lina. Loweruka wapita kukampu osagona, akuti anathira mafuta olakwika m'galimoto ya akuluakulu."

Apo chikope chawo chinagwedera pang'ono, ndinachiona. Koma anangoti, "Uzimuphikira bwino," n'kubweza pepala lija.

Ndinatuluka nditapsa mtima ndi onse awiri. Manyazi anapha lambe, ndipo pano ankafuna kupha mwamuna wanga, mayi anga ali pambali kuwathandiza. Kunyumba ndinkapeza Heriberto atakhala pakhonde, foni ili m'manja, nambala ya Mami ili pagalasi, chala chili m'mwamba. Ndikamufunsa ankati akuona nthawi.

M'kalata ya khoti ija munali tsiku la msonkhano ku San Juan, womwe wopempha quiebra amakafunsidwa atalumbira, ndipo onse amene ali nawo ngongole amaloledwa kubwera ngati akufuna. "Sabwera aliyense," anatilimbitsa mtima mayi Arzuaga. "Mabanki alibe nthawi yotaya. Mphindi zisanu, mwatuluka." Heriberto anasita shati yake katatu, tinanyamuka m'mawa kuthawa mzere wa magalimoto.

Titalowa m'chipinda chodikirira, tinapeza anthu ngati makumi awiri atakhala chete, aliyense atakumbatira envulopu yake. Pampando wakutsogolo, atavala diresi ya buluu ya kutchalitchi ndi ndolo za paukwati wanga, chikwama chili pamaondo, panali Doña Provi. Anali atabwera ndi galimoto ya mwamuna wa Migdalia, ndipo anafika chitseko asanatsekule.

"Mulungu wanga," ananong'ona Heriberto. "Nereida, abwera kudzandimaliza."

Ine sindinathe kumutsutsa, chifukwa nanenso ndinkaganiza chimodzimodzi.

Wofunsa mafunso sanali woweruza. Anali bambo wina wadazi, bambo Cintrón, woikidwa ndi khoti kuti aone ngati munthu wabisa katundu. Anali ndi kachipangizo kojambulira mawu patebulo ndi nkhope ya munthu amene wamva nkhani yomweyomweyo kambirimbiri. Heriberto anakweza dzanja lamanja, nalumbira. Mafunso anayenda mwachangu. Munawerenga mapepalawa musanasaine? Inde, bwana. Mwalemba katundu yense? Inde, bwana. Munatumikira masiku angati? 334, bwana. Kenako bambo Cintrón, osadzutsa n'komwe mutu, anafunsa funso lomwe amafunsa mwamwambo chabe.

"Alipo muno amene bambowa ali nawo ngongole?"

"Ndilipo," anatero Mami, akudzuka. "Providencia Otero. Nambala seveni."

Bambo Cintrón anadzutsa mutu. Mayi Arzuaga anatsinzina. Mami anayenda pang'onopang'ono mpaka patebulo, nakhala pampando womwe unkaoneka kuti sunakhalidwepo chiugulireni.

"Bambo, ndifunse kaye. Muno ndaloledwa kulankhula naye?"

"Mwaloledwa kumufunsa mafunso, mayi. Okhudza chuma chake."

"Ndipo walumbira?"

"Walumbira."

"Akanama?"

"Ndi mlandu waukulu."

"Zili bwino." Anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata asanu anamuyang'ana Heriberto m'maso. "Iwe. Lamlungu lija unadya mbale ziwiri n'kundikonzera fani, ndinakufunsa ngati zonse zili bwino. Unati chiyani?"

"Ndinati zili bwino."

"Zinali bwino?"

"Ayi, Mami."

"Wandidyera mpunga Malamlungu angati uli ndi nkhani imeneyi m'mimba?"

"Khumi ndi asanu ndi awiri."

Kumbuyo kwathu munthu wina anaseka, n'kusandutsa chifuwa. Bambo Cintrón anagogoda tebulo ndi cholembera. "Mayi, ndati mafunso akhale a chuma."

"Mpunga ndi chuma changa, bambo. Mukuudziwa mtengo wa nandolo masiku ano?"

Bambo Cintrón anaika cholembera pansi. Ndikhulupirira kuti nawonso anali ndi apongozi.

"Za madola zikwi zitatuzo sindinabwerere," anapitiriza Mami. "Ndinakufunsapo tsiku lina? Yankha mokweza, makinawa amve."

"Simunandifunsepo."

"Ndiye n'chifukwa chiyani ndinamvera kwa Migdalia, pakati pa anthu ogula mankhwala a nyamakazi? Pakamwa pako panali potupa?"

Heriberto anayang'ana manja ake. Ndi manja aakulu, akuda m'zikhadabo ngakhale atasamba chotani.

"Ndimaopa."

"Iwe, sajeni, kuopa nkhalamba ya matenda a shuga?"

"Ndimaopa kuti musiya kunditchula mwana wanu," anatero. "Ndipo munasiyadi."

Ine ndinali nditakonzeka kuwakalipira onse awiri tikatuluka, ndipo mawu ake ndinali nditawasanja kale m'mutu, koma onse anandithawa. Mami anatsegula chikwama, nafufuzamo kanthu, natsekanso osatulutsa chilichonse.

"Funso lomaliza," anatero. "Papepala lako ndine nambala seveni. Kwa iweyo ndine ndani?"

"Ndinu mayi anga."

Bambo Cintrón, munthu wa ntchito yake, anali atayamba kale kuvundukula mapepala. Anapeza tsamba, naika chala. "Pepani, sajeni. Apa mwalemba kuti ndi apongozi anu. Mawu anu akujambulidwa, ndiye ndiyenera kukukumbutsani kuti mwalumbira."

Mayi Arzuaga anayamba kudzuka kuti akonze zinthu, koma Heriberto anali atawongoka kale pampando, mapewa kumbuyo, monga amaimira akuluakulu akamadutsa.

"Ndikukumbuka, bwana. Ndi mayi anga."

Bambo Cintrón anayang'ana loya, loya anayang'ana kudenga. Ine, mwana yekhayo amene mayiwa anabereka, ndinali nditakhala kumbuyo ndikupukuta misozi ndi risiti ya pamalo oimika galimoto, popanda wondifunsa maganizo.

Mami anadzuka, nakonza diresi yawo, nagogoda tsamba lija ndi chala kawiri.

"Mwamva nokha, bambo, ndipo walumbira. Konzani pepala lanulo. Ine ndilibe funso lina." Kenako anatembenukira kwa Heriberto. "Nanga iwe wangokhala pamenepo ukudikira chiyani? Ndigwire mkono, nsapatozi zandipweteka kuyambira ku Ciales."